Scrooge Anasintha Liti? Za Kaphunzitsidwe ka Nkhani ya Woumira wa ku London

Pakati pa nkhani zocokera kunja zimene mphunzitsi wa Cinyanja angathe kufotokozera ana a Giredi 5 ndi 6, ndi zowerengeka zimene zimagwira mtima ngati ya Ebenezer Scrooge, nkhalamba youma manja ya mu mzinda wa London, imene inacezeredwa ndi mizimu usiku woti mawa ndi Khirisimasi. Nkhaniyi iri m'buku lochedwa A Christmas Carol, limene Charles Dickens analemba m'caka ca 1843. Cingerezi ca m'bukuli ncolimba kwa mwana wa ku pulaimale, motero inu mudzayamba mwaliwerenga nokha, kenaka ndi kuifotokoza nkhaniyo pakamwa m'Cinyanja, monga mmene mucitira ndi nthano. Apa mpamene pagona bvuto. Wofotokoza pakamwa amafupikitsa, ndipo wofupikitsa amasankha. Cimene iye wasiya, ana sadzacimva konse. Ambiri pofupikitsa nkhaniyi amatsala ndi mafupa atatu okha: munthu woumira, mizukwa yoopsa, ndi manda. Ana amatuluka m'kalasi ataphunzira kuti Scrooge anasiya kuumira cifukwa anaopsezedwa. Ine ndikuti kumeneko ndi kuiphunzitsa nkhaniyi mozondoka, ndipo umboni wace uli m'buku momwemo.

Bukuli linatuluka pa 19 Disembala 1843, losindikizidwa ndi a Chapman and Hall, liri ndi zithunzi zojambulidwa ndi John Leech. Dickens analilemba m'milungu isanu ndi umodzi yokha, ndipo makope 6,000 oyamba anatha tsiku la Khirisimasi lisanafike. Liri ndi zigawo zisanu. M'cigawo coyamba tiona Scrooge mu ofesi yace pa 24 Disembala. Usiku womwewo mnzace wa bizinesi, Jacob Marley, amene anamwalira zaka 7 m'mbuyomo, amubwerera atamangidwa unyolo wa mabokosi a ndalama, makiyi, maloko ndi mabuku a nkhongole. Zigawo zitatu zotsatira ndi za mizimu itatu: wa Khirisimasi zakale, wa Khirisimasi ya caka cimeneco, ndi wa Khirisimasi ya m'tsogolo. Cigawo comaliza, cimene ciri cacifupi koposa zonse, cikamba za kuca kwace.

Woumira wa mtundu wanji?

Musanayambe kufotokoza, dziwani bwino mtundu wa munthu amene mukunena. Ana athu anazolowera Fisi wa m'nthano, wadyera amene afuna kudya za pano ndi za uko nthawi imodzi, ndipo mukangoti "munthu wokonda ndalama" iwo adzamuona Scrooge ngati Fisi wobvala jekete. Komatu Scrooge sadya cuma cace. Amakwera masitepe a nyumba yace mumdima poopa kuononga ndalama pa makandulo, amaotha kamoto kosakwanira ndi kufunditsa zala, ndipo cimene cimamudikira kunyumba ndi kaphala kamadzimadzi m'kapoto. Zimene amamana ena amadzimananso yekha. Mau omuyenera ndi akuti woumira, kapena wouma manja, ndipo ana a m'tauni adzakuuzani kuti ndi wakaso. Lembani mau amenewa pa bolodi pamodzi ndi akuti dyera ndi umbombo, muwalole ana akangane za kusiyana kwace. Phunziro la matanthauzo a mau likhala layamba kale nkhani isanafike patali.

Dziwaninso kuti Scrooge si wakuba. Palibe lamulo limene waphwanya. Kalaliki wace, Bob Cratchit, amalandira masheleni 15 pa mlungu monga anapangana, ndipo ngakhale tsiku la Khirisimasi apatsidwa kuti apume, ngakhale bwanayo alipereka monyinyirika ngati akumulanda. Kungoti bokosi la malasha limakhala m'cipinda ca bwana, ndipo kalaliki akangoyandikira ndi fosholo amaopsezedwa kuti nchito imuthera. Abambo awiri atabwera kudzapempha thandizo la amphawi, Scrooge awafunsa ngati ndende ndi nyumba zosungiramo osauka zinatsekedwa, popeza iye amakhoma kale msonkho woyendetsera zimenezo. Nyumba zimenezi, zochedwa workhouse, zinaculuka ku England pambuyo pa lamulo la amphawi la 1834, ndipo moyo wa mmenemo unapangidwa dala kukhala wowawa kuti munthu asakhumbe kulowamo: mwamuna ankasiyanitsidwa ndi mkazi wace, ana ndi makolo ao. Atauzidwa kuti ambiri angasankhe kufa kusiyana ndi kupita kumeneko, iye ayankha kuti angofa, anthu acepeko. Maganizo otere sanali acilendo m'masiku amenewo. Anali kumveka m'kamwa mwa anthu ophunzira amene anawerenga Thomas Malthus, yemwe mu 1798 analemba kuti anthu amaculuka msanga kuposa cakudya. Cotero Scrooge ali ndi yankho laulemu pa pempho lirilonse, ndipo ndico cimene cimucititsa kukhala wobvuta kucizidwa kuposa mbala, pakuti mbala imadziwa kuti yalakwa.

Pali cinthu cimodzi cimene Cinyanja cidzakupatsani cimene Cingerezi cimabisa. Mnyamata wansangala, Fred, amene abwera kudzaitana Scrooge ku cakudya ca Khirisimasi nathamangitsidwa, ndi mwana wa Fan, mlongo wace wa Scrooge amene anamwalira. M'Cingerezi liu limodzi limachula mbale wa atate ndi mlongo wa amai yemwe. Inu pofotokoza simungathawe kusankha, ndipo liu loyenera ndi lakuti malume. Mukamuika Fred pakhomo la ofesi akuti, "Amalume, mubwere mawa tidzadyere pamodzi," ana a Acewa ndi Ansenga, kumene malume ndiye mwini mbumba, adzamva kulemera kwa kukanako popanda inu kuonjezerapo liu. Munthuyu akukana mwana wa mlongo wace, amene mwa mwambo wathu akanayenera kumuyang'anira ngati diso lace.

Dongosolo la kusintha

Tsopano tsatani bukuli mwa dongosolo lace, muli ndi funso limodzi m'mutu: kodi munthuyu ayamba kufewa pa tsamba liti?

Marley ndiye woopsa koposa onse m'maonekedwe. Amalira mokweza, amagwedeza unyolo, ndipo akamasula nsalu yomanga mutu wace cibwano cimagwera pa cifuwa. Scrooge acita mantha ndithu, mpaka agwada. Koma taonani zimene manthawo abala. Ayamba wakangana ndi mzukwawo kuti mwina ndi cakudya cabe cimene sicinagayike bwino m'mimba. Pomva kuti kudzabwera mizimu itatu, apempha kuti ibwere yonse nthawi imodzi kuti athane nazo msanga. Ndipo Marley atacoka, ayesa kubwereza liu lace lija lonyoza, ngakhale limuthera pakamwa. Mantha amugwaditsa, koma mtima ukali pomwe unali.

Mzimu woyamba sumuopseza. Umutengera kumudzi kumene anakulira, numuonetsa sukulu yogonera komweko pa nthawi ya chuthi. Ana onse apita kwao. M'cipinda cozizira ca madesiki akale mwatsala mnyamata mmodzi, ali yekha pafupi ndi kamoto, akuwerenga buku. Anzace okha ndi Ali Baba ndi Robinson Crusoe a m'mabukumo. Apa mpamene Scrooge alira koyamba. Ndipo cotsatira ndico cimene muyenera kucigwiritsa ndi manja awiri: akupukuta misozi, akumbukira kamnyamata kamene kanadzaimba nyimbo ya Khirisimasi pa citseko ca ofesi yace madzulo, iye nakathamangitsa ndi rula, ndipo anena kuti akanakonda akanakapatsa kanthu. Palibe amene wamuuza zimenezo. Wamvera cifundo mwana amene anali iye mwini, ndipo cifundoco cadumphira pa mwana wa eni.

Zicitikanso cimodzimodzi kaciwiri. Mzimu umuonetsa malo amene anaphunzirako nchito, kwa bwana wina wansangala dzina lace Fezziwig, amene usiku wa Khirisimasi anatseka nchito, nakonza gule ndi cakudya ca anchito ace ndi anansi. Mzimu umuyesa ponena kuti zonsezi zinangodya mapaundi atatu kapena anai, nanga nkutamandiranji? Scrooge, ataiwala kuti ndi Scrooge, ayamba kumuikira kumbuyo bwana wace wakale, kuti mphamvu ya bwana yosangalatsa kapena kusautsa wanchito iri m'mau ndi m'kayang'anidwe, m'tinthu tating'ono tosawerengeka. Ali pakati pa kulankhula aima, nati akanakonda kunena mau awiri kwa kalaliki wace. Wadziweruza ndi pakamwa pace pomwe.

Cithunzi cacitatu ca usiku umenewo ndi ca Belle, mtsikana amene Scrooge anamutomera onse awiri akali osauka, tsopano akumumasula ku pangano lao. Mau a mtsikanayu ndiwo mfungulo ya buku lonse, ngakhale ofupikitsa ambiri amawadumpha poona ngati nkhani ya cikondi siyenera ana. Iye amuuza Scrooge kuti amaopa dziko mopambanitsa, ndi kuti zikhumbo zace zonse zabwino zamezedwa ndi cikhumbo cimodzi, cakuti asadzanyozedwe konse cifukwa ca umphawi. Mwamva? Mantha ndiwo anamupanga kukhala woumira. Tsono ngati mantha ndiwo nthenda, mphunzitsi amene auza ana kuti mantha ndiwonso mankhwala wasokoneza nkhani yonse.

Pofika mzimu waciwiri, Scrooge mwini wace anena modzicepetsa kuti zimene anaphunzira usiku wathawo zikugwira nchito mwa iye, napempha kuti aphunzitsidwenso. Atengedwa ku Camden Town, ku kanyumba ka Bob Cratchit, kumene banja la ana asanu ndi mmodzi likugawana tsekwe mmodzi. Kwa zaka zonsezi anali asanaganizepo kuti kalaliki akaweruka amapita kuti. Aona Tim, mwana wolumala woyendera ndodo, nafunsa mzimu ngati mwanayo adzakhala ndi moyo. Mzimu umubwezera mau ace omwe aja akuti ofuna kufa angofa, ndipo iye azolika mutu ndi manyazi. Ngakhale pokumana ndi mzimu wacitatu, wobvala zakuda uja wosalankhula, Scrooge anena kuti akuuopa koposa yonse, komabe ali wokonzeka kuutsata popeza ayembekeza kukhala munthu wina. Zonsezi azinena asanaone manda ace.

Sindikuti manda alibe nchito m'nkhaniyi. Ali nayo, koma yang'anani cimene mzimu womaliza umuonetsa usanamufikitse kumeneko. Amalonda anzace akukambirana za imfa ya munthu wina mopanda cisoni, wina nati adzapita ku maliro pokhapo ngati kuli cakudya. Mai wosesa, mai wocapa zobvala ndi wanchito wa okonza maliro akugulitsa katundu wa womwalirayo kwa nkhalamba yochedwa Joe, kuphatikizapo makatani a pa bedi ndi malaya amene mtembo unabvekedwa. Scrooge apempha kuti aone munthu mmodzi yekha amene imfayi yamukhudza, ndipo aonetsedwa Caroline ndi mwamuna wace, amene anali ndi nkhongole kwa womwalirayo. Cimene imfayo yawabweretsera ndi mpumulo. Ana amene makolo ao anabvutikapo ndi kaloba adzaumva mpumulo umenewo. Kwa ife amene timaona maliro ngati muyeso wa mmene munthu anakhalira ndi anzace, mtembo wogona wokha m'cipinda, popanda woulira ngakhale mmodzi, ndi cinthu coopsa kuposa unyolo wa Marley. Dzina la pa mwala wa pamanda lingomuuza Scrooge kuti nthawi yatsala pang'ono. Mtima unali utatembenuka kale.

Cifukwa cace Dickens anayambira pa mwana

Sizinangocitika kuti wolembayu aike mwana wosiyidwa pa ciyambi ca kusinthaku. Dickens anabadwa mu 1812. Mu 1824 atate ace, John Dickens, anatsekeredwa m'ndende ya Marshalsea cifukwa ca nkhongole, ndipo Charles, ali ndi zaka 12, anagwira nchito yomata timapepala pa mabotolo a polishi ya nsapato m'fakitale ya Warren, nalandira masheleni 6 pa mlungu. Nkhani imeneyi anaibisa kwa anthu pafupifupi moyo wace wonse. Kuciyambi kwa 1843 anawerenga lipoti la boma lonena za ana ogwira nchito m'mafakitale, ndipo linamupweteka kotero kuti anaganiza zolemba kabuku kodandaulira anthu a ku England m'malo mwa mwana wa mmphawi. Caka comweco anacezera sukulu ya ana osauka ya Field Lane mu London, ndipo mu Okutobala analankhula ku Manchester pa msonkhano wokhudza maphunziro a anthu anchito. Kabuku kodandaula kaja sikanalembedwe. M'malo mwace munabadwa Scrooge. Dickens anaona kuti ziwerengero za m'lipoti sizilowa mumtima mwa munthu amene ali ndi yankho lokonzeka kale, koma mwana mmodzi wokhala ndi dzina ndi ndodo yace amalowa.

Kuca kwace, ndi mmawa wotsatira

Mmawa wa Khirisimasi Scrooge atuma mnyamata kukagula nkhukundembo yaikulu koposa, naitumiza kwa a Cratchit mosachula dzina la wotumiza. Apa mwina mudzafuna kuwapatsa ana mwambi wathu wakuti kupatsa nkuika. Ucenjereni. Mwambiwo uli ndi nzeru yace, koma Scrooge wakale akanaumva bwino lomwe, pakuti kuika kuti udzatenge mawa ndiyo inali nchito yace ya masiku onse. Wopatsa mobisa dzina sakuika kanthu kwa munthu. Ndi bwino kuulemba mwambiwo pa bolodi ndi kuwafunsa ana ngati ukugwirizana ndi nkhukundemboyo, kusiyana ndi kuupereka ngati cidindo cotsekera phunziro. Mucite cimodzimodzi ndi wakuti kuongola mtengo mpoyamba, popeza nkhani yonseyi ikukangana nao: uwu ndi mtengo wokalamba umene waongoka. M'nthano zathu zambiri wadyera amalangidwa, nkhani nithera pomwepo. Fisi wa m'nthano ya mawa ndi Fisi yemweyo. Ana a Giredi 6 afika pa msinkhu woti angathe kukambirana ngati munthu wamkulu angasinthe, ndipo ena a iwo ali ndi zifukwa za kunyumba zofunira yankho.

Musadumphe kanthu kena kakang'ono. Atakumana ndi mmodzi wa abambo opempha thandizo aja ndi kumunong'oneza ndalama zimene apereke, Scrooge apita kwa Fred, koma adutsa pa khomopo kambirimbiri asanalimbe mtima kugogoda. Kutulutsa ndalama kunali kwapafupi. Kulowa m'nyumba ya mwana wa mlongo wace amene anamunyoza dzulo lace kunafuna kudzicepetsa.

Koma muyeso weniweni uli pa 26 Disembala, tsiku wamba la nchito, nyimbo zitatha. Scrooge alawirira ku ofesi. Bob afika mocedwa ndi mphindi 18 ndi theka, ali njenjenje. Bwana ayamba ngati akukalipa, kenaka amuuza kuti amukwezera malipiro, kuti adzathandiza banja lace, ndi kuti asanalembe ciriconse akoleze moto ndi kukagula cotengera malasha cina. Mphunzitsi amene atha nkhaniyi pa nkhukundembo waphunzitsa ana kuti ubwino ndi phwando la tsiku limodzi pa caka. Dickens anaithera pa malipiro ndi pa moto wa kalaliki.

Pano pali cotsutsa cimene muyenera kucidziwa, pakuti ncolemera. George Orwell, m'nkhani yace yonena za Dickens ya mu 1940, anaona kuti mankhwala a Dickens pa zoipa za dziko amakhala kusintha kwa mtima wa munthu, osati kusintha kwa malamulo ndi kayendetsedwe ka zinthu. Tikacibweretsa pa bukuli, funso ndi ili: kodi moyo wa Tim uyenera kudalira maloto a bwana wa atate ace? Nanga makalaliki ena a mu London, amene mabwana ao anagona tulo tabwino usiku umenewo? Funsoli ndi loona, ndipo ine sindiona kuti bukuli liliyankha mokwanira. Komabe Dickens sanali wakhungu pa zimenezi. Mzimu waciwiri usanacoke uonetsa ana awiri oonda, onyansa, obisala m'mkanjo wace, mnyamata wochedwa Umbuli ndi mtsikana wochedwa Usiwa, nunena kuti ndi ana a anthu onse, ndi kuti woopsa koposa ndi mnyamatayo. Ana awiriwa salandira nkhukundembo pa mapeto a buku. Atsala pomwepo, kudikira owerenga. Lamulo loyamba lokhazikitsa masukulu a pulaimale a boma ku England linabwera mu 1870, caka cimene Dickens anamwalira, ndipo kupita ku sukulu kunakhala kokakamiza mu 1880. Inu amene mukukonzekera kukaima pamaso pa ana makumi asanu kapena kuposerapo, cithunzi ca mnyamata uja musacisiye kunja pofupikitsa, ngakhale mabuku ena a ana ofupikitsa nkhaniyi amacisiya.

Kuti ana aone kulemera kwa masheleni 15, apatseni masamu pang'ono. Masheleni 20 ankapanga paundi imodzi, monga zinaliri kuno kwathu kwacha ndi ngwee zisanabwere mu 1968. Agogo ena akali kuzikumbukira. Pa milungu 52 Bob ankalandira masheleni 780, ndiwo mapaundi 39 pa caka, a banja la anthu asanu ndi atatu. Kenaka auzeni kuti buku lomweli linkagulitsidwa masheleni 5. Iwo okha adzapeza kuti Bob Cratchit akanafuna kuwerenga nkhani ya iye mwini, akanataya gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro ace a mlungu.

M'kalasi

Sankhani mau a mizimu mosamala. Marley ndi munthu wakufa amene wabwera m'maonekedwe ace, motero liu lakuti mzukwa limuyenera. Itatu inayo sinakhalepo anthu. Ichuleni kuti mizimu. Liu lakuti ciwanda lipeweni, cifukwa ciwanda cimabwera kudzazunza, pamene onsewa abwera kudzacenjeza ndi kupulumutsa, monga mmene makolo athu ankanenera za mizimu ya akale yodza m'maloto. Mukalakwitsa liu limeneli, ana adzamva nkhani ya ufiti, ndipo madzulo ace mudzalandira makolo pa khomo. Kumbukiraninso kuti m'kalasi mwanu mungakhale ana a mabanja amene sasunga Khirisimasi. Auzeni poyera kuti iyi ndi nkhani yopeka ya ku England, ndipo palibe amene akufunsidwa kukhulupirira mizukwa kapena kukondwerera tsikulo.

Khirisimasi ya ku London imagwa m'nyengo yozizira kwambiri, ya cifunga ndi madzi oundana, pamene yathu imagwa m'dzinja, cimanga ciri m'maondo, masukulu atatseka. Palibe cokukakamizani kudikira Disembala. Ifotokozeni mu Juni kapena Julaye, mmawa umene ana akupuma nthunzi m'kamwa ndipo zala zikukana kugwira pensulo. Pamenepo kalaliki woothera kandulo safuna kumasulira. Malasha a m'nkhaniyi ndi a mwala, onga okumbidwa ku Maamba, osati a mitengo a pa mbaula, koma kumanidwa moto nkumodzi.

Pa Tim yendani mosamala. Ngati muli ndi mwana wolumala m'kalasi, maso onse adzatembenukira kwa iye, ndipo kumusankha kuti akhale Tim m'sewero popanda iye kufuna ndi kumusandutsa cithunzi ca cisoni pamaso pa anzace. Mwina iye afuna kukhala Fezziwig, kapena Scrooge amene. Gawo limene banja la Cratchit likulira mwana wao lifotokozeni mwacidule ndi mofatsa, podziwa kuti ena mwa omvera anu anaika m'manda mng'ono wao kapena mai wao posacedwa. Ndipo pamene mukufotokoza za mnyamata wotsala yekha pa sukulu, kwezani maso muone amene wakhala cete kuposa masiku onse. Pafupifupi kalasi iriyonse iri naye mwana amene palibe womufunsa kuti wadya ciani, amene amakakamira pensulo yace osabwereka mnzace, ndipo anzace anamupatsa kale dzina la wakaso. Nkhaniyi ikati yaphunzitsidwa ngati ciopsezo, anzacewo adzatuluka ndi dzina latsopano lomunyozera, lakuti Scrooge. Ici ndico cifukwa cacikulu cimene ndalimbikira pa dongosolo la kusinthaku.

Igaweni nkhaniyi m'maphunziro anai kapena asanu, ndipo tsiku lirilonse muime pamene ana akufunitsitsa kumva zotsatira. Funso lozolowereka lija lakuti, "Kodi nthanoyi itiphunzitsa ciani?" lisungeni m'thumba, pakuti yankho lace mukulidziwa kale: kalasi yonse idzaimba pamodzi kuti tisakhale oumira, popanda ndi mmodzi yemwe woganiza. Funsani zimene zibwezera mwana m'nkhani. Kodi Scrooge analira koyamba ataona ciani? Atalira anakumbukira yani? Ncifukwa ninji anazungulira pa khomo la Fred osagogoda? Mai Cratchit anakana poyamba kumwera moyo wa bwana wa amuna ao pa cakudya ca Khirisimasi, kodi analakwa? Pa nchito yolemba, ana angalembe kalata ya Mai Cratchit kwa mbale wao yosimba za nkhukundembo yosadziwika kocokera, kapena akambe za mlungu woyamba wa Febuluwale mu ofesi ya Scrooge, pamene Khirisimasi yaiwalika ndipo wankhongole wina wabwera kudzapempha kuti amuonjezere masiku.

Pa sewero, ana adzapempha gawo la Marley, cifukwa liri ndi unyolo ndi kukuwa. Aloleni tsiku limodzi, zitini ndi mawaya zilipo. Koma gawo loti muliyeserere bwino ndi la pa 26 Disembala, limene lifuna ana awiri okha, desiki limodzi ndi wochi yojambula pa bolodi. Wosewera Bob alowe mwakachetechete, abvule cipewa, ayambe kulemba mofulumira ngati angabweze mphindi zotayika, ndipo poitanidwa ayankhe kuti "Bwana" maso ali pansi. Wosewera Scrooge ayambe ndi liu lace lakale laukali, ndipo kalasi iyang'anitsitse kuti lisintha pa mau ati. Muuzeni wosewera Bob kuti asafulumire kukondwera: m'bukumo, pomva za kukwezedwa kwa malipiro, kalalikiyo ananjenjemera nayandikira rula, poganiza kuti bwana wace wapenga ndipo afunika kugwidwa.